Anali wosamva ali mnyamata, lero ndi chidakwa ndipo akunena za imfa: kodi akungotiopseza?

Funso: Ndili ndi mchimwene wanga wa zaka 34. Kuyambira ali Sitandade 6 anali wosamva: ndewu tsiku ndi tsiku, kujomba kusukulu, kuba ndalama za amayi, kugona kunja osadziwika komwe ali. Ali Fomu 2 anamuchotsa sukulu atavulaza mnzake. Chamba ndi mowa anayamba ali ndi zaka 14. Pano kachasu ndiye nsima yake. Mwezi watha mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwawo, ndipo njinga yamoto yomwe ankachitira kabaza mwiniwake analanda. Masiku ano akaledzera amati, "Mutsale nazo zanuzo, ine posachedwa mundinyamula m'bokosi." Amalume akuti tisamumvere, munthu wouma mtima ngati uja sangadziphe, akungofuna ndalama. Kodi khalidwe lake la paubwana lija likukhudzana ndi zimenezi? Nanga titani? Ndine mlongo wake wodandaula, ku Lunzu.

Yankho: Achemwali, ndiyambe ndi mawu a amalumewo, chifukwa pa zonse mwalembazi ndi amene andidetsa nkhawa kwambiri. Si amalume okha amene amaganiza choncho. Ngakhale ife achipatala timagwa m'mbuna yomweyo. Tonse tili ndi chithunzi m'mutu cha munthu amene angadziphe: wofatsa, wodzitsekera kuchipinda, wolira, wokana chakudya. Bambo wotukwana, wa zipsera kumaso, amene mudzi wonse umamuopa akaledzera, m'chithunzimo mulibe. Koma pakati pa anthu amene mowa ndi chamba zinawagwira, iwo amene anali ovuta paunyamata ndi amene amapezeka kawirikawiri kuti anayesapo kudzipha. Kuuma mtima kumene amalume akukuona ngati chishango ndi kumene kukundiopsa ine.

Sindinawaone achimwene anuwo, choncho sindingatchule matenda awo kudzera m'kalata. Komabe zomwe mwafotokozazi zili ndi dzina. Mwana aliyense amapulupudza. Kuba mango kwa aneba kapena kuzemba kalasi Lachisanu masana si matenda. Timayamba kunena za conduct disorder pamene khalidwe lopweteka ena ndi lophwanya malamulo lakhazikika, likubwerezedwa mwezi ndi mwezi. Buku la madokotala a maganizo a ku America lotchedwa DSM-5, la mu 2013, limatchula makhalidwe 15 otere, monga kuyambitsa ndewu, kuzunza ziweto, kutentha zinthu mwadala, kuthyola nyumba, kunama pofuna kudyera ena, komanso kugona kunja ndi kujomba kusukulu mwana asanakwane zaka 13. Atatu mwa amenewa akaoneka m'chaka chimodzi, n'kumamusokonezera mwana sukulu ndi kukhala bwino ndi anthu, timati pali vuto. M'kalata yanu ndawerengamo osachepera anayi.

Funso lanu loti kodi za paubwana zimamutsata munthu, mayi wina wofufuza wa mumzinda wa St. Louis ku America, Lee Robins, analilondola mwakhama. Anasakasaka anthu 524 amene ali ana anapititsidwa ku kiliniki ya ana ovuta, patapita zaka pafupifupi 30, ndipo zomwe anapeza anazifalitsa mu 1966. Ana omwe anabweretsedwa chifukwa cha kuba ndi ndewu, atakula ndi amene ankamangidwa kwambiri, kumwa mwauchidakwa, kuthetsa mabanja ndi kuchotsedwa ntchito. Akale anati m'mera mpoyamba. Koma mayi yemweyo anaonetsanso mbali ina imene anthu amaiiwala: pafupifupi wamkulu aliyense wa khalidwe lotere anayamba ali mwana, koma ana ovuta ambiri akakula amasintha. Mu 1993 Terrie Moffitt, yemwe wagwira ntchito zaka zambiri pa kafukufuku wotsatira ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 ku Dunedin, New Zealand, anawagawa pawiri. Gulu lalikulu limayamba kuvuta likamasinkhuka, potengera anzawo, ndipo limasiya likapeza ntchito kapena banja. Gulu laling'ono limayamba likadali lanthete, n'kupitirira nazo mpaka kukula. Koma pa gulu loyambalo pali misampha imene imamutsekera mnyamata njira yobwerera: kuchotsedwa sukulu, kumangidwa, ndi kukodwa ndi mowa. Achimwene anu misampha iwiri inawakola asanakwane zaka 18. Mufunse amayi ngati anali otero kale ali ndi zaka 6 kapena 7, chifukwa dokotala adzafuna kudziwa.

Nanga mwana wandewu zimatheka bwanji kuti akakula ndewuyo aitembenuzire kwa iye mwini? Apa ndichedwepo.

Chachikulu ndi phuma. Munthu wa mtima wapachala, amene mnzake akamuponda chala m'minibasi chibakera chimafika maganizo asanafike, sasintha chibadwa chimenecho tsiku limene wakwiyira moyo wake. Ambiri timaganiza kuti wodzipha amakhala atakonzekera kwa miyezi. Ena amaterodi. Koma ofufuza ku Houston, mu 2001, atafunsa achinyamata ndi akulu omwe anapulumukira mkamwa mwa mbuzi atayesa kudzipha, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anati kuchokera pomwe anaganiza kufika pomwe anachita sipanathe mphindi zisanu. Mphindi zisanu, achemwali. Madzi a tiyi asanawire. Kwa munthu wotere funso loti "kodi akufunadi kufa?" silitithandiza kwenikweni, chifukwa masana akhoza kukhala wosafuna, usiku atakangana ndi mkazi wake pafoni n'kufuna kwa kanthawi kochepa, ndipo kanthawi kameneko n'kokwanira.

Palinso nkhani ya mantha. Thupi la munthu linalengedwa loopa imfa ndi ululu, ndipo mantha amenewa ndi amene amabweza anthu ambiri amene maganizo odzipha anawafikirapo. Katswiri wina wa ku America, Thomas Joiner, mu 2005 anafotokoza kuti kufuna kufa ndi kutha kudzipha ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kufuna kumabwera munthu akamadziona ngati mtolo kwa abale ake, komanso ngati alibenso kwawo. Kutha kudziphako kumabwera mwa kuzolowera: kumenyedwa, kumenya, kusokedwa kuchipatala popanda kutsinzina, kugona m'chitokosi, kugwa panjinga n'kudzuka kukwera. Ganizirani zaka 20 za moyo wa achimwene anu. Mantha aja anaperepeseka pang'onopang'ono ngati chidendene cha patapata. Amalume akunena zoona kuti mphwawoyo ndi wouma mtima, koma alakwitsa tanthauzo lake.

Ndiye pali kutha kwa anthu. Ili ndi limene limandimvetsa chisoni, chifukwa palibe amene ndingamuloze chala. Munthu wofatsa akavutika maganizo, azimayi a kumpingo amabwera, anzake amamuyendera. Munthu amene anaba mbuzi ya agogo, anagulitsa malata a nyumba ya amayi, anatukwana ankhoswe pabwalo, akafika pothedwa nzeru amapeza aliyense anatopa naye kalekale. Mawu ake akuti "ndifa" amamveka ngati bodza lina pa mabodza chikwi. Ndipo iye mwini amadziwa kuti anthu anatopa naye. Akamati "mupume," nthawi zambiri amakhulupiriradi kuti imfa yake ikhala mpumulo kwa inu.

Pamwamba pa zonsezi thiraniponi kachasu. Mowa umagwira pawiri. Kumwa kwa zaka zambiri kumagwetsa maganizo, kumaononga tulo, kumadya ndalama ndi banja, ndipo kafukufuku wophatikiza maiko angapo amaonetsa kuti chidakwa chili pachiopsezo chodzipha pafupifupi kakhumi kuposa munthu wamba. Koma kuledzera kwa usiku umodzi nakonso kuli ndi ntchito yake: kumamasula mabuleki, kumapanikiza maganizo kuti munthu aone vuto la lero lokha, mawa osalionanso. N'chifukwa chake anthu ambiri odzipha amapezeka ndi mowa m'magazi. Tsono munthu amene mabuleki ake anali ofooka kale ali ndi zaka 12, botolo limachotsa ndi otsalawo.

Chomwe chandichititsa kuti ndikuyankheni msanga ndi mwezi watha uja. Ku St. Louis komwe kuja, George Murphy ndi Eli Robins, yemwe anali mwamuna wa Lee Robins, anafufuza za anthu amene anadzipha, ndipo mu 1967 anaonetsa kuti pa zidakwa, pafupifupi mmodzi mwa atatu anali atangotaya munthu wapamtima, makamaka kutha kwa banja, m'milungu isanu ndi umodzi imfayo isanachitike. Pa odwala matenda a kukhumudwa osamwa mowa zimenezi zinali zosowa. Kunena kwina, kawirikawiri chidakwa sichidzipha pa tsiku wamba. Chimadzipha mkazi atachoka, ntchito itatha, samani ya kukhoti itafika, kapena wakatapila atagogoda. Achimwene anu ataya banja ndi njinga mwezi umodzi. Muli mkati mwenimweni mwa milungu yoopsayo.

Mwina mukuti, nanga bwanji ngati akungofunadi ndalama? Zikhoza kutheka. Zonse ziwiri zimakhala mwa munthu mmodzi, ndipo ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Ndikungoyamba kumene ntchito, apolisi anabweretsa bambo wina ali pa unyolo, akununkha mowa, atatukwana anamwino onse kuyambira pageti. Anati akatuluka adzipha. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana wapolisiyo yemwe ankaseka, ndipo m'buku lake la kuchipatala ndinalemba kuti akufuna kuzemba mlandu. Sindinamufunse ngati anayesapo kale. Sindinamufunse kuti kunyumba kuli ndani. Patatha sabata ndi masiku ndinamupeza ku wodi ya abambo, ali ndi chubu m'mphuno, mayi ake atakhala pansi pambali pa bedi atagwira chitenje kukamwa. Anapulumuka, koma osati chifukwa cha ine. Mlandu ankafunadi kuuzemba. Kufanso ankafuna.

Ndionjezepo kanthu kena komwe mabanja sakonda kukamva. Ana ovuta ambiri sanangogwa kumwamba ali otero. Ena anabadwa ndi ubongo wosakhazikika, umene lero timautcha ADHD, ndipo kusukulu ankangokwapulidwa. Ena anakulira m'nyumba ya nkhonya, kapena anachitidwa zinthu zomwe mpaka lero sanauzepo munthu. Nkhanza za paubwana pazokha zimakweza chiopsezo cha uchidakwa ndi cha kudzipha. Sindikunena kuti makolo anu analakwa, sindikuwadziwa. Ndikungoti funso loti "chinamuchitikira n'chiyani mwanayu?" mwina palibe analifunsa nthawi ija, aliyense ali kalikiliki kufunafuna chikwapu.

Tsopano zoti muchite. Muwafunse. Osati usiku ataledzera, ndipo osati pamsonkhano wa banja pomwe aliyense akuwerenga milandu yawo. M'mawa, matsire atayamba kutsika, muli awiri, mwina mutawapatsa phala. Munene mosazungulira: "Achimwene, mawu a bokosi aja ndinawamva. Kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumuika munthu maganizo amene analibe, zimenezi zinafufuzidwa kambirimbiri. Akavomera, musathamangire kuwauza za gehena kapena za ana. Funsani ngati aganizapo njira, ngati chinthucho ali nacho, ngati anayesapo kale. Kuyesapo kale ndi chizindikiro champhamvu kuposa zonse zomwe tili nazo. Yankho likakhala inde pa lililonse la amenewa, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo, ndipo asakhale okha kufikira mutafika. Akakana n'kukutukwanani, musadabwe. Mwatsegula khomo, mudzafunsenso mkuja.

Osadikira yankho lawo, yendani m'nyumba momwe akugona. Mankhwala a m'munda, a makoswe, a m'nkhokwe, mapilitsi otsala a amayi, zonse zichoke zikasungidwe kwina kokhoma. Anthu amandiuza kuti wofuna kufa apeza njira ina. Kwa munthu wa phuma, si mmene zimakhalira. Ku Sri Lanka boma litayamba kuletsa mankhwala a m'munda oopsa kwambiri, makamaka kuyambira mu 1995, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti m'zaka 20, ndipo zokolola sizinagwe. Anthu sanasiye kukangana kapena kuledzera. Chinasintha n'chakuti pa mphindi zisanu zija chinthu chakupha sichinali pafupi ndi dzanja. Ndipo mwa anthu 10 opulumuka atayesa kudzipha, pafupifupi 9 sadzafa modzipha. Mkuntho umadutsa.

Chenjezo limene sindifuna mulilumphe: musawasiyitse mowa mwadzidzidzi kunyumba. Ndaonapo mabanja akumutsekera munthu m'chipinda, ena kumusiya kumapemphero sabata yathunthu opanda dontho, ali ndi cholinga chabwino ndithu. Thupi lozolowera kachasu tsiku lililonse likamanidwa, manja amayamba kunjenjemera pakangotha maola ochepa, tsiku loyamba kapena lachiwiri munthu akhoza kugwa ngati wakhunyu, ndipo pofika tsiku lachitatu ena amabwebweta, kutuluka thukuta, kuona njoka ndi tizilombo pakhoma. Pamenepo munthu akhoza kufa. Kuchipatala timawatsitsa pang'onopang'ono ndi mankhwala monga diazepam, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Mapemphero apitirire, abusa abwere, koma abwere ku wodi.

Kopita kulipo. Yambani pa chipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi, munene pakhomo pomwe kuti mukufuna namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Kwa inu a ku Lunzu, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki ya zimenezi, ndipo amene akufunika kugonekedwa nthawi yaitali amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. A St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ali ndi ndondomeko yothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ndikudziwa kuti dzina la Zomba likangotchulidwa achimwene anu adzati "ine si wamisala." Musalimbane nawo. Auzeni kuti mukupita kukaonetsa za kusowa tulo ndi kunjenjemera kwa manja, zomwenso ndi zoona. Mabanja ena amabisa nkhani chifukwa cha lamulo lakale lochokera kwa atsamunda loona woyesa kudzipha ngati wolakwa. Musalole mantha amenewo akuchedwetseni, munthu akamwa chinthu kapena akadzivulaza thamangirani kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Wina m'banjamo adzanena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, asiyeni adzafune okha thandizo. Pa nkhani ya kusiya mowa mwambiwu uli ndi kachoonadi. Pa nkhani ya imfa ulibe. Ndipo anthu ambiri amene ndawaona atasiya mowa anabwera koyamba mokokedwa, akunyinyirika, kufuna kwawo kunadza pambuyo mutu utayera.

Mutu ukayera ndi pomwe timaona bwino chomwe chili pansi. Kukhumudwa kobwera ndi mowa nthawi zambiri kumachepa kwambiri pakatha milungu itatu kapena inayi munthu asakumwa. Kukapitirira, ndiye kuti pali matenda ena ofunika mankhwala akeake. Akapatsidwa mapilitsi, musunge ndinu kapena amayi, muziwapatsa a tsiku limenelo, chifukwa ena mwa mankhwala amenewa ndi oopsa akamwedwa ambiri. Piritsi losintha khalidwe kulibe, ndisakunamizeni. Chimene chimathandiza ndi uphungu wophunzitsa munthu kuzindikira mkwiyo ukamakwera ndi kudzipatsa mpata asanachite kanthu, pamodzi ndi ntchito ya manja yodzaza tsiku. Kuyambiranso kumwa kumachitika, kawiri katatu, ndipo tsiku loyambiranso ndi loopsa chifukwa cha manyazi. Milungu yoyamba atatuluka m'chipatala ndi yofunikanso maso, pomwe aliyense akuganiza kuti zatha. Chondilimbitsa mtima n'chakuti ukali ndi phuma la anthu otere zimayamba kuzirala akamayandikira zaka 40. Ntchito yathu ndi kuwafikitsa kumeneko ali moyo.

Za alamu anu. Ndikudziwa mmene zimayendera: ankhoswe adzakhala pansi, wina adzati mkaziyo abwerere kuti mwamuna wake asadziphe. Chonde musatero. Ngati anachoka chifukwa cha nkhonya, kumubweza ndi kuika moyo wake ndi wa ana pachiswe, ndipo mwamuna amene akuopseza kudzipha mkazi atamuthawa nthawi zina amakhala woopsa kwa mkaziyonso. Mawu akuti "ukapanda kubwera ndidzipha" yankho lake ndi chipatala, osati kubwerera kwa mkazi. Akayamba kunena zopweteka mkaziyo kapena ana, dziwitsani apolisi a Victim Support Unit. Chimodzimodzi ndalama. Kuwatenga mawu awo mozama sikutanthauza kuwapatsa chilichonse apempha. Ufa apatseni, thiransipoti ya kuchipatala lipirani nokha kwa kondakitala, koma ndalama m'manja ayi. Mukhoza kunena zonse ziwiri mpweya umodzi: "Ya mowa sindikupatsani, koma sindikufuna mufe, ndipo mawa ndibwera tipitire limodzi."

Inunso musasenze nokha. Mugawane masiku, wina Lolemba, wina Lachitatu, makamaka madzulo a tsiku limene alandira ndalama ya ganyu kapena akumana ndi alamu anu. Amalume musawataye. Mwinimbumba akanena kuti tiyeni kuchipatala, mawu ake amalemera kuposa a mlongo. Awerengereni yankho lino, kenako apatseni ntchito yoperekeza. Ndipo ngati pa ana a achimwene anuwo pali wina wayamba kale ndewu ndi kujomba, ameneyo ndiye wofunika kumufikira lero. Chikwapu chinayesedwa pa bambo ake, mwaona chomwe chinabala.

Mukalowa m'chipinda cha dokotala, mzere panja udzakhala wautali ndipo mwina mudzapatsidwa mphindi khumi. Achimwene anu adzanena kuti amamwa pang'ono, mabotolo awiri basi, ndipo vuto ndi mutu. Dokotala wotopa akhoza kulemba panado. Pemphani kuti mulankhulepo. Nenani mawu a bokosi aja mmene anawanenera, nenani tsiku limene alamu anu anachoka, tsiku limene njinga inalandidwa, ndi nthawi imene amwa komaliza. Kenako nenani za Sitandade 6, za ndewu, za Fomu 2 ndi chamba cha zaka 14, ngakhale asakufunseni, chifukwa ambiri a ife sitifunsa.